Kuika winchi pa bampala yomwe siinapangidwire winchi: njira zisanu ndi yomwe ingakuyenereni

Winchi, makina a magetsi okoka ndi chingwe, ikamazula galimoto yomwe yatitimira, mphamvu yonse, matani anayi kapena kuposa, imathera pa mabawuti anayi omwe ali kunsi kwake, kenako n'kupita ku chitsulo chomwe mabawutiwo agwira. Chitsulocho chikakhala chomangika bwino ku chasisi, galimoto imatuluka. Chikakhala bampala wamba, chomwe chimatuluka m'matopemo ndi bampalayo, galimoto n'kutsala pomwepo. Mabampala ambiri achitsulo omwe timawaona pa ma Hilux, ma Land Cruiser ndi ma Prado muno mu Lilongwe anapangidwa kuti alandire chogunda kuchokera kutsogolo, kaya ndi mbuzi kaya chitsa, ndipo ena ndi ongokongoletsa. Kukokedwa sanawakonzere.

Komabe si aliyense angataye bampala yabwinobwino chifukwa cha winchi. Njira zilipo zingapo, ndipo musanasankhe muyambe mwayeza zinthu izi.

Zoyenera kuyeza musanapite kwa wowotcherera

Yambani ndi kulemera kwa galimoto itanyamula. Opanga mawinchi amalangiza kuti mphamvu ya winchi ikhale kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto. Hilux ya double cab itadzaza anthu ndi katundu imayandikira matani 3, ndiye ikufuna winchi ya matani 4 ndi theka kapena chapomwepo. Pa katoni amalemba m'mapaundi: ya 9,500 lb ndi makilogalamu pafupifupi 4,300, ya 12,000 lb ndi 5,400. Land Cruiser yomwe imabwera ndi matumba a chimanga kuchokera ku Mitundu ikufuna yaikuluyo. Nambala imeneyi muisunge m'mutu, chifukwa chitsulo chilichonse chomwe winchi yakhalapo chiyenera kupirira mphamvu yomweyo.

Kenako gwadani, musuzumire kunsi kwa galimoto. Hilux, Land Cruiser, Prado, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Nissan Patrol zili ndi chasisi chenicheni, mitanda iwiri yachitsulo yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. X-Trail, RAV4 ndi CR-V zilibe mitanda yoteroyo. Thupi la galimoto ndilo limanyamula zonse. Ngati yanu ili m'gulu lachiwirili, dumphani zonse mukawerenge njira yachisanu. Mukadali kunsiko onani nsonga za chasisi. Pa magalimoto ambiri okhala ndi airbag pamakhala zitsulo zopangidwa dala kuti zikhwinyate pa ngozi, ndipo kompyuta ya airbag inatcheredwa molingana ndi mmene zitsulozo zimakhwinyatira. Mukaziwotcherera kuti zilimbe, airbag ikhoza kuphulika pa kangozi kakang'ono kapena kutuluka nthawi yolakwika pa ngozi yeniyeni.

Magetsi nawonso ndi nkhani. Winchi ikakoka ndi mphamvu zake zonse imatha kumwa ma amp opitirira 400, pomwe alternator ya magalimoto ambiri otere imapereka pafupifupi 100. Zotsalazo zimachokera ku batire. Batire lotopa, lomwe m'mawa wa mu Juni limayamba latsokomola kaye, winchi silingaithe. Mufunika batire labwino, la 650 CCA (nambala ya mphamvu yolizira injini yolembedwa pa batire) kapena kuposa, mawaya okhuthala ngati a mamilimita 35 sikweya ochokera ku batire lenilenilo, wofiira ndi wakuda yemwe, komanso swichi yodulira magetsi winchi ikakhala kuti siili pa ntchito.

Zina ziwiri n'zachidule. Winchi imakhala patsogolo pa rediyeta, ndiye imatchinga mpweya. Galimoto yomwe imatentha kale pokwera mapiri a ku Dedza mu Okutobala idzavutika kwambiri. Ndipo winchi ya waya wachitsulo imalemera makilogalamu 35 mpaka 40, ya chingwe chopepuka cha Dyneema n'kuchepera ndi makilogalamu khumi kapena chapomwepo. Katundu yenseyo amakhala kunsonga kwenikweni, kutsogolo kwa matayala.

Pali miyeso ina yomwe siisintha, njira iliyonse mungatsate. Mawinchi ambiri a msinkhu umenewu ali ndi maenje anayi otalikirana mamilimita 254 m'litali ndi 114 m'lifupi. Puleti yokhalapo winchi isachepere mamilimita 6 kukhuthala, ndipo ya 12,000 lb ine ndingaike ya 8. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu pake. Bawuti ya 4.6 ili ndi theka chabe la kulimba kwa ya 8.8, ndipo yopanda nambala musaikhulupirire ngakhale wogulitsa atalumbira.

Njira yoyamba: kulimbitsa bampala yomwe ilipo

Iyi ndi yomwe anthu ambiri amayamba kuiganiza. Wowotcherera amadula pakati pa bampala, n'kuikapo puleti, n'kuonjezera zitsulo zochirikiza.

Ndalama: ndi yotsika kuposa zonse zomanga winchi pa galimoto. Mumalipira chitsulo, ndodo zowotcherera, penti ndi ntchito basi.

Kupezeka: owotcherera ali paliponse, ku Biwi, ku Mchesi, ku Kawale, ku Area 25. Vuto n'kupeza wodziwa kuwotcherera chitsulo chokhuthala. Munthu akhoza kukhala katswiri wa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma makina ake aang'ono osatha kusungunula puleti ya mamilimita 8 mpaka mkati. Msoko umaoneka bwino pamwamba, mkati musanagwirane. Mupempheni akuonetseni ntchito yomwe anachitapo pa ngolo za thirakitala kapena pa malole. Akangokuyankhani kuti “bwana musadandaule, izi n'zolimba” osayeza n'komwe kukhuthala kwa bampala yanu, mutsanzikeni mwaulemu.

Chisamaliro: paliponse padutsa moto, penti ndi zoteteza dzimbiri zapsa. Pakani penti yoteteza dzimbiri tsiku lomwelo, mkati ndi kunja. Mvula iliyonse ikatha, tsukani matope muone m'mphepete mwa misoko. Kamzere kofiira ka dzimbiri kotsata msoko kawirikawiri ndi mng'alu womwe wayamba.

Zoopsa: apa m'pofunika kukhalapo nthawi. Puleti ikhoza kukhala yolimba, msoko wabwino, koma bampala yonseyo n'kukhala itagwira ku chasisi ndi timabulaketi tiwiri topyapyala, bawuti imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Mabampala ambiri a mapaipi ndi a chitsulo cha mamilimita 2 kapena 3. Mukalimbitsa pakati pokha mwangosamutsa malo othyokera. Komanso bampala nthawi zambiri imakhala pamwamba pang'ono kuposa mzere wa chasisi, ndiye winchi ikakoka, bampala imafuna kupendama, ndipo kupendamako kumapotoza mabulaketi n'kukankhira chitsulo ku nyali kapena ku rediyeta. Kuti njirayi ikhale yodalirika, mabulaketi ayenera kupangidwanso atsopano, a mamilimita 6 kapena 8, ogwira chasisi pa mabawuti atatu kapena kuposa mbali iliyonse. Mukafika pamenepo ndiye kuti mwapanga bampala yatsopano, ndipo kutchipa kuja kwatha. Bampala ya aluminiyamu kapena kachitsulo konyezimira kaja koikapo nyali musayese n'komwe.

Njira yachiwiri: puleti yakeyake yomangidwa ku chasisi, kuseri kwa bampala

Pano winchi siikhudzana ndi bampala. Imakhala pa puleti yomwe yadutsa pakati pa mitanda iwiri ya chasisi, ndipo pa bampala mumangoboola kamwa lotulukira chingwe. Mwa njira zonse, iyi ndi yomwe ine ndimaikhulupirira kwa munthu amene akufuna kusunga bampala yake.

Ndalama: yapakati. Yopangitsa konkuno imadula kuposa njira yoyamba chifukwa ntchito yoyeza ndi yambiri, ndipo bampala ndi gilili ziyenera kutsika kaye. Ilipo yopangidwa kale kufakitale ya magalimoto otchuka monga Hilux ndi Ranger. Imeneyo mumalipira mtengo wake, mayendedwe kuchokera ku Johannesburg ndi msonkho wa MRA, komabe siifika pa mtengo wa bampala yathunthu.

Kupezeka: chitsulo chokhuthala chimapezeka kwa ogulitsa zitsulo m'tauni ndi ku Kanengo, ndipo zidutswa zotsala pa ntchito zikuluzikulu zimakwana. Pezani malo okhala ndi makina opindira chitsulo. Puleti yopindidwa m'mphepete, kutsogolo ndi kumbuyo, imalimba kwambiri kuposa yongophwatalala ya kukhuthala komweko. Mmisiri wabwino amayamba wadula katoni, n'kuiyeza pa galimoto, n'kuikapo winchi yeniyeniyo kuti aone ngati ikukwana, chitsulo asanachikhudze. Choncho gulani winchi kaye, puleti pambuyo.

Chisamaliro: winchi yobisika imaiwalika. Matope a katondo amaumira mkati mwake, inu osaona. Kamodzi pa mwezi tulutsani chingwe chonse, muchitsuke, chiume, n'kuchikulunganso chili chokokeka bwino. Mukatha kukoka koyamba kwenikweni, bwererani pa mabawuti onse ndi sipanala.

Zoopsa: chachikulu n'kuwotcherera puletiyo ku chasisi. Musalole. Moto umafooketsa chitsulo cha chasisi pafupi ndi msoko, ndipo tsiku lomwe mudzafune kutsitsa rediyeta mudzalira. Gwiritsani ntchito maenje omwe alipo kale, monga a mabulaketi a bampala ndi a ngowe zokokera. Pakafunika enje latsopano liboolereni m'mbali mwa mtanda, osati pamwamba kapena pansi pake, ndipo bawuti ikamadutsa mbali zonse ziwiri za mtanda wa bokosi, muikemo kapaipi kuti pomanga mtandawo usaphwanyike. Pa galimoto ya airbag, puleti isatseke kapena kulimbitsa zitsulo zokhwinyata zija. Ntchito iliyonse ya moto pafupi ndi galimoto, batire lichotsedwe kaye, apo ayi mudzagula kompyuta ya injini.

Pali tinthu tina tomwe anthu amatulukira ali kale m'dambo. Dzanja lanu lizifika pa chogwirira cha kilatchi ya winchi, chija chomasula chingwe kuti muchikoke pamanja; ngati silifika, boolani pa bampala malo olowetsa dzanja. Muzithanso kuona mmene chingwe chikukulungikira, chifukwa chikaunjikana mbali imodzi chimatha kuthyola timitanda ta winchi. Kabokosi ka magetsi a winchi kakapanda malo, kasamutsireni mkati mwa boneti, pamwamba, komwe madzi safika. Kamwa lotulukira chingwe limangidwe ku puleti, osati ku bampala yopyapyala: waya wachitsulo amafuna kamwa la marola, chingwe cha Dyneema chimafuna losalala la aluminiyamu. Ndipo nambala ya galimoto isabisike, apolisi apamsewu angakuimitseni pachabe.

Njira yachitatu: winchi yochotseka

Winchi imamangidwa pa kachitsulo kokhala ndi zogwirira ziwiri, ndipo kachitsuloko kamalowa mu chubu cha makona anayi cha mainchesi 2 chomwe chamangidwa ku chasisi. Mukafuna mumailowetsa kutsogolo, mukafuna kumbuyo.

Ndalama: yofanana ndi njira yachiwiri ngati mwaika chubu kutsogolo kokha. Mukafunanso kumbuyo, mawaya amkuwa otalika mamita asanu kapena kuposa, okhuthala kuposa akutsogolo aja, pamodzi ndi mapulagi a Anderson olumikizira mawayawo ku winchi, amakweza mtengo ndithu.

Kupezeka: kachitsuloko mmisiri wabwino akhoza kupanga, koma chubu ndi pini yake ndi bwino kugula zopangidwa kale, zolembedwa mphamvu yake.

Chisamaliro: apa njirayi imapambana. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala winchi imakhala m'nyumba, kutali ndi dzuwa lomwe limadya chingwe cha Dyneema, ndi fumbi, komanso ndi anthu a manja aatali mukaimika galimoto ku Malangalanga. Masipuling'i akutsogolo nawo amapuma. Mapulagi okha muziwatseka kuti asalowe matope.

Zoopsa: winchi ndi kachitsulo kake pamodzi zimayandikira makilogalamu 50. Ganizirani kunyamula zimenezo miyendo ili m'matope mpaka m'maondo, mphuno ya galimoto italowa pansi moti chubucho sichikuoneka n'komwe. Anzeru amailowetsa asanafike pamalo oipa, koma ikakhala pamenepo imatulukira kutsogolo ndipo imagunda pansi potsika m'zigwembe. Kukoka chammbali sikuyanjana nayo, chifukwa mphamvu yonse imapotoza chubu chimodzi ndi pini imodzi. Winchi yoposa 9,500 lb ine sindingaiike pamenepo. Ndipo musayerekeze kukoleka winchi kapena chingwe chilichonse pa mpira wokokera ngolo. Mpirawo ukathyoka umauluka ngati mwala wa pa legeni, ndipo wapha anthu m'maiko ambiri.

Ubwino wake womwe suyenera kuchepetsedwa ndi wokokera kumbuyo. Nthawi zambiri nthaka youma ili komwe mwachokera, ndipo winchi yakutsogolo imangokulowetsani mkati mwa dambo.

Njira yachinayi: kugula bampala yopangidwira winchi

Makampani monga ARB, TJM ndi Ironman 4x4 a ku Australia amapanga mabampala a mitundu yambiri ya magalimoto, okhala ndi malo a winchi, ndipo a magalimoto atsopano amawayesa kuti agwirizane ndi airbag.

Ndalama: ndi yodula kuposa zonse, ndipo mtengo umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotereyu anakwera kwambiri. Muwerengerenso masipuling'i akutsogolo olimba, chifukwa bampala yachitsulo ndi winchi pamodzi zimatha kufika makilogalamu 100.

Kupezeka: kawirikawiri n'kuitanitsa kuchokera ku South Africa, n'kudikira lole yodzera ku Tete kulowa pa Dedza kapena pa Mwanza. Perekani nambala ya chasisi ndi chaka cha galimoto poitanitsa, makamaka ngati yanu inachokera ku Japan, chifukwa nkhope za galimoto ya mtundu umodzi zimasiyana malinga ndi chaka komanso msika. Zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka mwa apo ndi apo, zochotsedwa pa magalimoto a mabungwe kapena ochita ngozi. Yoteroyo muigule pokhapokha mabulaketi ake enieni alipo ndipo sanawongoledwepo ndi moto.

Chisamaliro: chochepa. Kumanga mabawuti, kupaka penti pomwe miyala yasupula, basi.

Zoopsa: zochepa pa kukoka. Zomwe zilipo ndi za kulemera: mphuno kugwa, mabuleki ndi matayala akutsogolo kutha msanga, mafuta kukwerako pang'ono. Chenjerani ndi zongofanizira zomwe zimaoneka ngati za mayina akuluakulu koma chitsulo chake n'chopyapyala. Kukhala ndi maenje anayi a winchi si umboni woti ingapirire matani anayi. Auzeninso a inshulansi kuti galimoto yasintha, ndipo izi zikukhudza njira zonse zinayi.

Njira yachisanu: osaika winchi ya magetsi

Ndalama: Tirfor, winchi yapamanja ija yomwe amisiri a zomangamanga amakokera zitsulo, imatsika mtengo kuposa winchi ya magetsi ndi ntchito yoimanga. Ilipo ya matani 1.6 ndi ya matani 3.2, mukaonjezera snatch block, kagudumu kokhotetserapo waya, mphamvu imawirikiza kawiri.

Kupezeka: kwa ogulitsa zipangizo za makontilakitala. Imafuna waya wakewake, osati aliyense.

Chisamaliro: girizi ndi malo ouma. Tipini take todukira dala ikalemedwa muzikhala nato tapadera.

Zoopsa: thukuta ndi nthawi. Waya wachitsulo ali ndi timinga tolasa, ndiye magolovesi ndi ofunika, ndipo galimoto ikhale ndi malo olimba okolekapo. Koma imagwira ntchito injini itazima ndi batire litafa, ndipo imakoka mbali iliyonse. Kunena zoona, m'misewu yambiri ya kumudzi kuno, fosholo, khasu, jeke wabwino, kuphwetsa matayala pang'ono ndi anyamata a m'mudzi wapafupi amatulutsa magalimoto ochuluka kuposa mawinchi. Muwapatse kangachepe moyenera ntchito yawo, chifukwa msewu womwewo mudzadutsanso.

Chomwe katoni ya winchi siinena

Winchi imafuna pokoleka. Ku Dzalanyama kapena ku nkhalango ya Ntchisi mitengo ilipo; kulungani lamba wotakata patsinde, osati waya, kuti khungwa lisasupuke. Koma m'madambo a chigwa cha Lilongwe, komwe magalimoto amatitimira kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, mukhoza kuyang'ana mbali zonse osaona mtengo womwe chingwe cha mamita 25 kapena 30 chingafike. Pamenepo mumadalira galimoto ya mnzanu kapena kukumba dzenje lakuya n'kukwirira tayala la sipeya kuti mukolekepo chingwe. Chingwe choonjezera chikhale m'galimoto nthawi zonse. Dziwaninso kuti mphamvu yolembedwa pa katoni ndi ya pamene chingwe chatuluka pafupifupi chonse; chikakhala chambiri pa mpukutu mphamvu imatsika. Siyani waya atazungulira kasanu pa mpukutu, Dyneema kakhumi. Kokani injini ikulira, pang'onopang'ono, mukupumiza mota ikatentha. Ponyani bulangete kapena thumba lolemera pakati pa chingwe, ndipo ana obwera kudzaonerera muwathamangitsire kutali musanayambe.

Ndiye iti ndi ya ndani

Mlimi kapena wogula mbewu yemwe Hilux kapena Ranger yake imalowa kumidzi ya ku Malingunde, Nkhoma kapena Dowa dzinja lonse, ndipo bampala yake ikadali bwino, atenge njira yachiwiri, puleti ya ku chasisi, ndi winchi ya 9,500 lb ya chingwe chopepuka.

Amene galimoto yake imagwira ntchito m'tauni ndipo kuthengo amapita mwa apo ndi apo, kaya ku Kasungu National Park kaya kumudzi pa Khirisimasi, yochotseka ndiyo yake, makamaka ngati amayenda ndi mnzake womuthandiza kunyamula. Banja kapena kampani yokhala ndi magalimoto awiri ikhoza kugula winchi imodzi n'kuika machubu pa onse.

Galimoto yatsopano, ya airbag ndi masensa kutsogolo, yomwe ikadali pa chitsimikizo cha ogulitsa, kapena ya bungwe yonyamula antchito tsiku ndi tsiku, isapite kwa wowotcherera. Imeneyo idikire ndalama ya bampala yopangidwira winchi.

Kulimbitsa bampala yakale n'koyenera pa Land Cruiser kapena Patrol yakalekale yopanda airbag, yomwe bampala yake ndi chitsulo chokhuthala kale, ndipo mwapeza mmisiri wovomera kupanga mabulaketi atsopano. Wa X-Trail kapena RAV4, komanso aliyense amene batire lake likuvuta ndipo ndalama yosinthira palibe, agule Tirfor, fosholo ndi lamba wokokera wabwino, ndipo mvula ikagwa usiku wonse anyamuke dzuwa litaumitsako msewu.